Mbusa David Clement Scott, Womanga Chalichi ca pa Blantyre

Pa masiku ano a cikondwerero, pamene ana a Misyoni ya Blantyre alikusonkhana kucokera kutali ndi pafupi, maso a onse ayamba kugwa pa nyumba ya njerwa iri pakati pa bwalo lathu, imene tiichula lero St Michael and All Angels. Ambiri a ife tinabatizidwa m'menemo, ena tinamanga ukwati m'menemo, ndipo tazolowera nsanja zace kotero kuti tipita pansi pace osakweza maso. Cifukwa cace tayesa nkoyenera kulemba muno mbiri ya munthu amene anailingalira nyumbayo, naimanga pamodzi ndi makolo athu. Pakuti manda ace sali kuno, ndipo ana ambiri a makono adziwa nyumba osadziwa mwini nzeru yace, kapena cimene anafuna poimanga.

David Clement Scott anabadwa m'mzinda wa Edinburgh, ku Scotland, caka ca 1853. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya mzinda womwewo, natsiriza maphunziro a ubusa mu Eklesia wa Scotland. Anali munthu wa nzeru zakuya, wokonda zinenero, wolemba mau amene nthawi zina anzace omwe anabvutika kuwatsata. Koma za kumanga nyumba sanaphunzire konse. Sanakhale pa mapazi a mmisiri ali yense, ndipo pofika kuno anali asanayale njerwa ndi imodzi yomwe.

Misyoni imene anaipeza inali yodwala. Inayambika mwezi wa October caka ca 1876, Henry Henderson atayendayenda m'mapiri muno pamodzi ndi womasulira wace Tom Bokwito, amene pa ubwana wace anaomboledwa m'goli la ukapolo. Iwo anasankha malo ano, pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru, mfumu Kapeni atawalola, nawacha Blantyre, ndilo dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone. Koma amene anatsogolera zaka zoyambazo anasokoneza nchito ya mbusa ndi nchito ya mfumu. Popeza munalibe Boma m'dziko, ndipo akapolo othawa anadza kudzabisala pa Misyoni, iwo anayamba kuweruza mirandu okha ndi kulanga anthu ndi cikoti. Munthu wina anafa nayo mikwapulo, wina anaomberedwa mfuti atamweruza kuti anapha mnzace. Mlendo wina, Andrew Chirnside, atayenda kuno, anazilemba izi m'kabuku caka ca 1880, ndipo ku Scotland kunagwa manyazi akuru. Mbusa Duff Macdonald anaitanidwa kubwerera kwao, ena nacotsedwa nchito. Sitibisa zimenezi m'buku la cikondwerero, pakuti popanda izo sitingazindikire kulemera kwa katundu amene Scott anasenza.

Anafika caka ca 1881 pamodzi ndi mkazi wace, wa banja la Bowie. Iye anaona msanga kuti anthu a dziko lino ali nayo kale njira yao yokonzera zolakwa, ndiyo mlandu wa pabwalo, pamene mbali zonse ziwiri zinena mau ao kufikira atatha, akuru namva, nagamula cobwezera. Anaphunzira njirayo, naitsata. Nakhala pansi masiku ambiri ndi mafumu a Ayao a m'mapiri ndi a Magololo a kunsi kwa Shire, kumva ndi kuyankha m'cinenero cao, monga mnansi pakati pa anansi. Caka ca 1884 anayenda ulendo wautali, mkazi wace ali nao, kukaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, tsidya lija la Shire. Caka comweco nkhondo ya Angoni inaoloka mtsinje, nitentha midzi ya m'mapiri muno. Koma Misyoni sanaikhudze, ndipo anthu ambiri anapulumuka pothawira pa bwalo lino.

M'zaka zimenezo mzinda unali usanaoneke. Panali Misyoni ndi minda yace, ndi mitengo ya khofi yocokera ku kamtengo kamene Jonathan Duncan anadza nako kucokera ku Edinburgh caka ca 1878; panalinso sitoro ya kampani ya African Lakes, kumene abale awiri John ndi Frederick Moir anamanga nyumba yosanja caka ca 1882. Anthu anaicha Mandala cifukwa ca mandala a m'maso a John Moir, ndipo iri ciimire kufikira lero. Pakati pa malo awiriwa panadutsa njira ya amtengatenga, osenza katundu kucokera ku doko la kwa Katunga kumka ku Matope. Kwina konse kunali midzi, chire ndi mtsinje wa Mudi. M'malo otere, opanda njanji, opanda sitoro ya zipangizo, Scott anatsimikiza mtima kumanga nyumba ya Mulungu yoti idzakhale zaka mazana.

Maziko anakumbidwa caka ca 1888. Cimene cidabwitsa amisiri ophunzira kufikira lero ndi ici, cakuti iye sanayambe ndi kujambula nyumba yonse pa pepala monga acita omanga a ku Ulaya. Nyumbayo inali m'mutu mwace, ndipo inakula pang'onopang'ono pamaso pa omanga. Pofuna kuyesa khomo, kapena mzati, kapena cokometsera ca pakhoma, anayamba kusanja njerwa zouma popanda matope, naima patali kuziyang'ana. Zikapanda kumkomera anaphwasula, nasanjanso mwa njira yina. Zikamkomera, pamenepo amisiri anaziyala ndi matope. Wosadziwa angayese kumeneku kutaya nthawi. Koma tikalingalira bwino tiona kuti inali sukulu. Pakuti mnyamata amene sanaonepo nyumba yotere sakadamva kanthu pa mizere ya pa pepala, koma njerwa zosanjidwa pansi anaziona ndi maso, nazigwira ndi manja, nadziwa cifukwa cace iyi igona cotere ndi inzace cotere. Mphunzitsi ndi ophunzira anaphunzira pamodzi, tsiku ndi tsiku, pa khoma lomwelo.

Njerwa zonse zinaumbidwa pomwe pano, ndi dothi la kuno. Ena anakumba, ena anaponda matope ndi mapazi, ena anathira m'zikombole, nayanika pa dzuwa. Ndipo zitauma anaziunjika m'mauvuni, nazitentha ndi nkhuni usana ndi usiku. Njerwa wamba inali ya mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 3 kucindikira kwace. Koma nyumba ya mizati yozungulira, ya mazenera okhota pamwamba ngati uta, ndi ya mizere yokometsera, siimangika ndi njerwa ya mtundu umodzi. Cotero anasema zikombole za matabwa za maonekedwe osiyanasiyana, ndipo owerenga bwino apeza mitundu ya njerwa 81 m'makoma amenewa. Kwina kumene omanga a ku Ulaya akadasema mwala, kuno anaumba dothi. Pa nchito ya matabwa panali John McIlwain, mmisiri wa Misyoni, amene anaphunzitsa anyamata ambiri kugwira sowo ndi tchizulo.

Tinene pang'ono za makomo okhotawo, pakuti makolo athu anali asanaone cinthu cotere. Nyumba ya kwathu iima ndi nsici ndi mzati, denga nkukhala pa phaso. Koma pano njerwa zolemera zinayenera kulenjekeka pamwamba pa mitu ya anthu popanda mtengo wozigwira. Amisiri ayamba ndi kupanga uta wa matabwa, nayala njerwa pamwamba pace kucokera ku mbali zonse ziwiri kufikira ya pakati itseka. Pamenepo acotsa matabwa, ndipo njerwa zigwirana zokha, yonse ikankha inzace, kulemera konse nkutsikira m'mizati ndi m'zocirikiza za kunja. Momwemonso denga lozungulira lija la pakati, lobvundikira ngati mphika waukuru. Tsiku locotsa matabwa ndilo tsiku loyesa mmisiri, ndipo pa nyumba ino masiku otere anali ambiri.

Amene anagwira nchitoyi anali Amang'anja, Ayao ndi a kwa Magololo, ndi ana a sukulu, ndi iwo amene anathawa ukapolo. Ndiponso Angoni, amene zaka zowerengeka m'mbuyomo anadza ndi zishango, tsopano anatsika kudzafuna nchito, nasenza njerwa pamodzi ndi anthu amene anawathamangitsa kale. Alendo afunsa dzina la Mzungu amene anamanga. Ndipo nkoyenera kuwauza. Koma tiwauzenso kuti manja amene anayala njerwazo anali akuda, pakuti ico ndico Scott mwini anafuna kuti dziko lione.

Nyumbayo itatha inali ya mapazi 106 m'litali, 30 m'lifupi, ndi 37 kufikira pamwamba pa denga. Pa muyeso wa lero siiri yaikuru, ndipo mpingo unaiposa kale, kotero kuti panamangidwa nyumba yina yotakata pambali pace. Koma ukaima pa khomo la kumadzulo nkukweza maso, uona kuti nsanja ziwirizo sizifanana, yina iri ndi zokometsera zace, inzace zace. Ndipo pozungulira nyumba yonse supeza mbali imene ingobwereza inzace. Ena ati mwina muoneka mamangidwe a Aroma, mwina a Aarabu, mwina a machalichi akale a ku Ulaya. Ife tiyesa kuti muoneka munthu amene anakumbukira zonse anaziona ndi kuziwerenga, naziyesa ndi dothi la pa Kabula kufikira zitabvomera.

Isanatsegulidwe nyumbayo, imfa inalowa m'banja. Kuciyambi kwa caka ca 1891 mwana wa Henry Henderson anagwidwa ndi nthenda yotseka kukhosi. Dotolo John Bowie, mlamu wace wa Scott, anaboola pakhosi pa mwanayo, nayamwa ndi pakamwa pace zotsekazo, alikudziwa bwino cimene cingamgwere. Mwanayo anafa, amace, ndiwo mlongo wace wa mkazi wa Scott, anafanso, Dotolo Bowie nawatsata. Henderson, woyambitsa Misyoni, ananyamuka wosweka mtima kumka kwao, namwalira pa Quelimane asanakwere combo. Cotero pa 10 May 1891, pamene anapatula nyumbayi, mwa iwo amene anaiona ikukwera munasowa anai a banja limodzi. Alexander Hetherwick, amene anafika caka ca 1883 nayamba Misyoni ya Domasi, anaiwerenga ngati chalichi coyamba cokhazikika pakati pa Zambezi ndi Nile.

Pa zaka zomwezo zomanga, usiku ndi m'mamawa, Scott analikumanga nyumba yina ya mau. Caka ca 1892 linasindikizidwa ku Edinburgh buku lace lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja. Siliri ndandanda ya mau cabe. Pansi pa liu limodzi upeza ziganizo monga anazimva pakamwa pa anthu, ndi miyambi, ndi mafotokozedwe a miyambo, masewera, nyimbo ndi nchito za manja za m'midzi. Iye anakhulupira kuti cinenero ici ncokwanira kunyamula nzeru iri yonse, ndipo anatsutsana nao Azungu amene anaciyesa cosauka. Hetherwick analikonzanso bukulo, naliturutsa caka ca 1929 ndi dzina la Cinyanja. Ndipo onse amene analemba mabuku a mau a cinenero cathu pambuyo pace anatunga pa citsime cimeneci.

Pa Misyoni panalinso makina osindikizira, ndipo kuyambira caka ca 1888 panaturuka nyuzi ya mwezi ndi mwezi, imene inadziwika ndi dzina la Life and Work in British Central Africa. Woyang'anira makinawo anadzakhala Mungo Murray Chisuse, amene anapita ku Scotland naphunzira nchito yosindikiza ku Edinburgh. Iyeyu anaphunziranso kujambula zithunzi, nakhala mmodzi wa anthu oyamba a dziko lino kugwira kamera. Ndipo zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lace zimene tiziona m'mabuku lero zinacokera m'manja mwace. Momwemo pa bwalo lino panaturuka omanga, akalipentala, osindikiza, alembi ndi othandiza m'cipatala, ndipo pamene mzinda unayamba kukula, nukhala ndi bungwe lace loyang'anira caka ca 1895, anthu odziwa nchito anali pafupi.

Tsono nyumba inamangidwira yani? Apa ndipo panagona mlandu wa moyo wace wonse. Scott anafuna Eklesia mmodzi, wa akuda ndi oyera, opemphera pansi pa denga limodzi ndi kumwera cikho cimodzi pa Mgonero wa Ambuye. Ndipo pamene Azungu a minda ndi a masitoro anacuruka, ena nafuna mpingo wao wa pa okha, iye anakana. Anafunanso kuti Eklesiayo atsogoleredwe ndi ana a dziko lino, osati patsogolo patali, koma m'masiku ace omwe. M'zaka za 1893 ndi 1894 anapatula adikoni, mwa iwo Joseph Bismarck, John Macrae Chipuliko, Mungo Murray Chisuse, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta. Anawaphunzitsa yekha, nakhala nao upo pa mirandu ya mpingo, nawatuma kukagwira nchito kutali kumene kunalibe Mzungu wowayang'anira tsiku ndi tsiku: Matecheta kwa Angoni ku Nthumbi, ndi Kufa, amene anaphunzira za mankhwala, kwa Alomwe.

Njira imeneyi inampezera adani mbali zitatu. Ena a anzace a mu Misyoni anawawidwa mtima poona kuti afunsa nzeru kwa adikoni akuda. Ku Scotland kunamveka mbiri yakuti pa Blantyre anyamata oyimba abvala miinjiro yoyera, ndi kuti mapemphero ace afanana ndi a Eklesia wa England koposa a makolo ao. Ndiponso kuti ndalama zimwazika. Ndipo mdani wacitatu anali Boma. Scott anali mmodzi wa iwo amene anacenjeza anthu a ku Scotland kuti dziko lino lisagwe m'manja mwa Apwitikizi; koma Boma la Angerezi litakhazikika caka ca 1891, mwezi womwewo umene chalichi cinapatulidwa, iye sanakhale cete. M'nyuzi ya Misyoni anatsutsa Harry Johnston, woimira Mfumukazi pa Zomba, pa nkhani ya msonkho, ya nkhondo zothira mafumu, ndi ya malo a anthu opatsidwa kwa Azungu. Natsutsanso kolimba kuti dziko lisaperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes. Sitinena kuti anali wofatsa pa mikangano imeneyi. Colembera cace cinali cakuthwa, ndipo sanali munthu wosamala kawerengedwe ka ndalama. Amene anamnenera za ici sananame konse.

Caka ca 1895 anataya mkazi wace, ndi mbale wace Dotolo William Affleck Scott, amene anagwira nchito kuno ngati mbusa ndi sing'anga pamodzi. Caka ca 1897 akuru a ku Edinburgh anafunsa mirandu yonse imene anamnenera. Sanamcotse, koma thupi ndi mtima zinali zitalema, ndipo caka ca 1898 anacoka pa Blantyre osabweranso kudzakhala. Hetherwick analowa m'malo mwace, nagwira Misyoni kufikira 1928, munthu wanzeru ndi wolongosoka, amene anamanga sukulu ya Henry Henderson Institute caka ca 1909. Koma mayendedwe anasanduka a pang'onopang'ono. Abusa oyamba a dziko lino pa Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa caka ca 1911, zitapita zaka 20 citsegulire chalichi. John Gray Kufa anaphedwa ndi Boma caka ca 1915 pa mlandu wa nkhondo ya Chilembwe. Matecheta anakhala ndi moyo kufikira ukalamba, nalemba kabuku ka ciyambi ca Misyoni ino.

Nyumba yokha inapitirira kulandira zatsopano. Limba lalikuru linaikidwa caka ca 1907, nyali za magetsi caka ca 1912. Njanji inafika pa Blantyre caka ca 1908. Caka ca 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inagwirizana kukhala Eklesia mmodzi, a Nkhoma nalowa caka ca 1926. Mzinda unakula, nulumikizana ndi Limbe caka ca 1956, nuzinga Misyoni mbali zonse, kotero kuti malo amene anali pakati pa chire ali tsopano pakati pa miseu ya magalimoto. M'zaka za m'ma 1970 nyumbayo inakonzedwa, osasintha maonekedwe ace, ndipo Boma la Malawi linaiwerenga pakati pa zikumbutso zosungidwa za dziko.

Scott mwini sanaone zambiri za izi. Anakwatiranso, natenga dzina la mkazi wace waciwiri, Edith Ruffelle, kuliphatika pa lace. Ndipo caka ca 1901 Eklesia anamtuma ku dziko limene tilicha lero Kenya, kukatsogolera Misyoni ya pakati pa Akikuyu, pa Thogoto, pafupi ndi Nairobi, m'malo mwa Thomas Watson amene anamwalira. Kumeneko mkazi waciwiriyo anafanso caka ca 1902. Iye anayesa kuimika Misyoni pa ulimi, natenga malo akuru kuti zokolola zilipire nchito. Koma mindayo inadya ndalama koposa zimene inabweza, ndipo kwa ife amene tidziwa mau ace a pa Blantyre onena za malo a anthu, gawo limeneli la mbiri yace liwerengeka mobvuta. Akikuyu anamucha Watenga. Anamwalira komweko mwezi wa October caka ca 1907, ali ndi zaka 54, naikidwa m'dothi la Thogoto. Ndipo amene analowa m'malo mwace anali Dotolo Henry Scott, wa dzina limodzi koma wosati mbale, amenenso anayamba nchito yace kuno kwathu. Pa Thogoto pali kachalichi kokumbutsa Watson ndi Scott, ka malata ndi matabwa, kamene kanapangidwa ku Scotland nikadza m'zidutswa pa combo.